Chowotchera nyama chopirira dzimbiri: zosankha za amene mumakhala kunyanja ndi kumadera a chinyezi

Chowotchera nyama chimene ku Lilongwe chimakhala panja zaka ndi zaka osadandaula, mukapita nacho ku Nkhata Bay kapena ku Mulanje chimabooka pansi mwini wake asanachidyerere n'komwe. Anthu amathamangira kuloza chala mmisiri kuti anagwiritsa ntchito zitsulo zachabechabe. Nthawi zina n'zoona, koma kawirikawiri chimene chinagulidwacho sichinali cha dera limenelo. Nkhata Bay imalandira mvula yoposa mamilimita 1,500 pa chaka, mbali zina za Mulanje zimafika 2,000, pamene Lilongwe imalandira pafupifupi 900 ndipo ikatero imauma gwa kuyambira May mpaka October. Ku Thyolo ndi ku Mulanje ngakhale mu June ndi July chiperoni chimanyowetsa chilichonse chimene chili pakhonde.

## Zoyamba kuziganizira

Chowotchera nyama si chinthu chimodzi. Pali thupi lake, pali pansi pamene pamakhala makala, ndiye pali waya amene nyama imagonapo. Thupi limalimbana ndi mvula ndi mame, pansi pamalimbana ndi moto ndi phulusa, pamene waya amakumana ndi moto, mchere ndi mandimu a m'nyama. Zitatuzi sizifa tsiku limodzi. Wogulitsa akanena kuti "ichi sichichita dzimbiri", mufunseni kuti akunena chigawo chiti. Nthawi zambiri amakhala akunena chivindikiro chonyezimiracho, chikhalirecho miyendo, mabawuti ndi thireyi ya makala ndi zitsulo wamba.

Chitsulo sichidikira mvula kuti chinyowe. Akatswiri oyesa kadyekedwe ka zitsulo amachiwerengera kuti n'chonyowa nthawi iliyonse imene chinyezi cha mumpweya chaposa 80 peresenti, ndipo kunyanja m'dzinja usiku wotere ndi wambiri. Chimene chimateteza chitsulo ndi penti, koma makala oyaka bwino amaposa madigiri 600 ndipo penti wamba amapsa asanayandikire n'komwe pamenepo. Mukawotcha koyamba, m'kati monse mumatsala chitsulo chosavala. Kenako pamabwera phulusa. Amayi amene amacheza chidulo chophikira therere akudziwa zimene zimatuluka phulusa likakumana ndi madzi. Phulusa limakoka chinyezi n'kuchisunga, moti pamene lagona sipauma ngakhale dzuwa liombe bwanji, ndipo madzi ake amadya aluminiyamu ndi zinki mwachindunji.

Funso limene lingakupulumutsireni ndalama zambiri ndi la mchere. Bungwe lofufuza za sayansi la CSIR ku South Africa linasiya zidutswa za zitsulo panja kwa zaka 20 m'madera osiyanasiyana. Chitsulo wamba ku Pretoria chinkadyeka mamilimita pafupifupi 0.004 pa chaka, koma ku Bluff, m'mphepete mwa nyanja ku Durban, chinkadyeka mamilimita pafupifupi 0.2. Kumeneko n'kuchulukitsa ka 50, ndipo chachikulu chimene chinasiyanitsa malo awiriwa ndi mchere wouluka ndi mphepo. Nyanja ya Malawi ilibe mchere wotere. Mwera ukhoza kuwaza madzi mpaka pakhonde ku Chintheche kapena ku Senga Bay, koma ndi madzi abwino. Amene ali ku Beira, Quelimane, Nacala kapena Durban ali pa nkhondo ina, ndipo malangizo ambiri a pa intaneti analembera iwowo. Kwathu kuno mchere umalowera kwina: madzi a m'mijigo ina ya ku Chikwawa ndi Nsanje ndi amchere, ndipo kutsukira chowotchera madzi amenewo n'kuchiitanira dzimbiri.

Choncho poyerekeza njira zili m'munsimu, khalani ndi mayankho a mafunso awa. Mpweya wa kwanu uli ndi mchere kapena ndi chinyezi chabe? Chitsulocho n'chokhuthala mamilimita angati? Thireyi ndi waya zikatha, zingasinthidwe pazokha? Muli ndi denga lochisungira, nanga mudzasamuka nacho? Mumawotcha pa Khirisimasi ndi pa chinkhoswe pokha, kapena tsiku lililonse? Mitengo sindiika m'makwacha, popeza chigwereni kwacha ndi 44 peresenti mu November 2023 mtengo wa katundu wochokera kunja sukhala malo amodzi. Ndingosanja kuti chotsika n'chiti, chokwera n'chiti.

## Mgolo wodula pakati

Mtengo. Pa zonse zimene zingathe kulandira mbuzi yathunthu, palibe chotsika mtengo kuposa ichi: mgolo wa malita 200, zitsulo za miyendo ndi ndalama ya mmisiri basi. Kungoti kudera la chinyezi mudzachigula kangapo.

Kupezeka kwake. Paliponse pamene pali magetsi ndi wowotcherera. Ku Ndirande, ku Mchesi, ku Biwi ndi m'matauni a m'mbali mwa nyanja mumachipeza chopangiratu kapena amakupangirani tsiku lomwelo.

Kasamalidwe. Khoma la mgolo ndi lokhuthala milimita imodzi kapena kuposerapo pang'ono, choncho moto ukakhala pansi penipeni, pamenepo ndi pamene pamayamba kubooka. Uzani mmisiri akupangireni thireyi ya makala ya mamilimita 3 yokhala m'mwamba pang'ono, yoti muzitha kuichotsa, ndipo aboole timabowo pansi pa mgolo kuti madzi azituluka. Ena amathira mchenga pansi kuti uteteze ku moto. Ku Kasungu nzeru imeneyi imathandiza, koma ku Nkhotakota mchengawo umasunga madzi dzinja lonse. Moto ukazima, tayani phulusa, pakani mafuta ophikira m'kati, vundikirani mgolowo pansi pa denga.

Zoopsa. Funsani chimene chinali mu mgolomo. Wa mankhwala a m'munda kapena wa zinthu zosadziwika usiyeni, ngakhale akupatseni ulere. Mgolo umene munali petulo kapena thinala umatha kuphulika podula ngakhale ukuoneka wouma, n'chifukwa chake amisiri odziwa amautsuka n'kuudzaza madzi asanaudule. Migolo ina ili ndi utoto wa m'kati umene uyenera kupsa wonse ndi moto waukulu nyama isanafikepo. Pali anthu amene amaganiza kuti yankho la dzimbiri ndi malata kapena chitsulo chilichonse chokutidwa ndi zinki. Pa denga n'zoona, pamoto ayi. Zinki amasungunuka pa madigiri 420, utsi wake umadwalitsa, ndipo akapsa chitsulo chotsalacho chimachita dzimbiri ngati china chilichonse.

## Chitsulo chokhuthala cha kwa amisiri

Njira iyi siletsa dzimbiri, imangolipatsa ntchito yaitali. Dzimbiri limadya pang'onopang'ono kuchokera pamwamba, ndiye khoma la mamilimita 3 kapena 4 limatenga nthawi yochuluka kangapo kuti libooke, komanso silipindika ndi moto. M'gulu lomweli muli mbaula yopangidwa ndi limu ya lole, imene ogulitsa kanyenya ndi chimanga chowotcha anaidziwa kale.

Mtengo. Wokwera kuposa mgolo, popeza chitsulo chimagulidwa molingana ndi kulemera kwake, koma wotsika kwambiri poyerekeza ndi stainless ya msinkhu womwewo. Limu yakale imatsitsa mtengo kwambiri.

Kupezeka kwake. Ogulitsa zitsulo ku Blantyre, Lilongwe ndi Mzuzu ali nacho, ndipo wowotcherera aliyense amachitha.

Kasamalidwe. Zambiri zimathera pa zimene mwagwirizana ndi mmisiri tsiku loyamba. Awotcherere mzere wonse, osati kungodontheza apa ndi apo, chifukwa m'mipata yotsalayo ndi mmene madzi amabisala. Miyendo ikhale ya angle iron, osati ya paipi kapena square tube, imene imasunga madzi m'kati n'kudyeka kuchokera kosaoneka mpaka tsiku lina mwendo kungothyoka nyama ili pamoto. Isaime pa dothi kapena pa udzu. Kunja pakani penti wopirira moto, wolembedwa madigiri 600 kapena kuposa. M'kati musavutike ndi penti, pakani mafuta ophikira chitsulo chikadali chofunda kuti apange khungu lakuda. Dzinja lisanayambe, palani pamene pafiira n'kupakanso.

Zoopsa. N'cholemera, ndipo chimasunga kutentha nthawi yaitali moto utazima, zimene n'zofunika kukumbukira pakhomo pamene pali ana. Chimadontheza madzi a dzimbiri amene amadetsa simenti ya pakhonde. Ena amapangira botolo lakale la gasi chifukwa n'lokhuthala bwino, koma kudula botolo limene silinachotsedwe gasi yense n'kusewera ndi moyo.

## Stainless

Apa ndi pamene anthu ambiri amaluza ndalama, chifukwa zitsulo zosiyana kwambiri zimagulitsidwa ndi dzina limodzi. Stainless ndi chitsulo chosakaniza ndi chromium wosachepera 10.5 peresenti. Chromium akakumana ndi mpweya amapanga kakhungu kosaoneka ndi maso kamene kamatchinga dzimbiri, ndipo kakakalika kamadzipanganso kokha. Chimene chimaboola kakhunguka ndi mchere ndi klorini. Mitundu yake imadziwika ndi manambala.

Ya 430 ili ndi chromium 16 mpaka 18 peresenti koma nickel mulibe kwenikweni, ndipo ndi imene imachuluka pa zowotchera zonyezimira za m'masitolo. Pansi pa denga, kutali ndi mchere, imachita bwino. Ya 304 ili ndi chromium 18 peresenti ndi nickel 8 peresenti; ndi ija imalembedwa 18/8 kuseri kwa masipuni abwino. Ya 316 anawonjezeramo molybdenum 2 mpaka 3 peresenti kuti izipirira mchere wa kunyanja yaikulu. Ya 201 anachepetsa nickel n'kuikamo manganese kuti itsike mtengo, ndipo imachita madontho a dzimbiri msanga. Palinso 3CR12, yochokera ku Middelburg ku South Africa, yokhala ndi chromium 11 mpaka 12 peresenti. Imeneyi imasanduka yofiirira pamwamba koma imadyeka pang'ono kwambiri, ndipo sipindika ndi moto ngati 304. Kwa ine ndi imene imayenera bwino pa thupi ndi pa thireyi, kwa munthu amene sakufuna chodziyang'anirapo nkhope.

Ambiri amapita kusitolo ndi maginito. Akamata mwamphamvu, ndiye kuti ndi 430, 3CR12 kapena chitsulo wamba chongokutidwa. Akapanda kumata, ikhoza kukhala 304 kapena 316, komanso ikhoza kukhala 201, imene maginito saikoka. Ndiye maginito amangokuuzani theka la nkhani. Pemphani kuti nambala ya chitsulocho ilembedwe pa lisiti.

Mtengo. Wokwera. Ya 316 imaposa ya 304, ndipo 304 imaposa 430 ndi 3CR12. Chowotchera cha stainless chikatchipa modabwitsa, ndiye kuti n'chopyapyala kapena ndi 201, kapena zonse ziwiri.

Kupezeka kwake. Za 430 zimapezeka m'masitolo akuluakulu a m'mizinda. Za 304 ndi 3CR12 zambiri zimabwera kuchokera ku Joni, ndipo muwerengere ndalama ya wonyamula ndi msonkho wa pachipata. Amisiri opanga masinki ndi matebulo a m'makhitchini a mahotela ku Blantyre ndi Lilongwe akhoza kukupangirani. Wowotcherera mageti ndi mabagalabazi asakunamizeni kuti ndi ntchito imodzimodzi: 304 imafuna marodi a 308L, ndipo akagwiritsa ntchito marodi wamba, mizere yonse imene wawotcherera idzafiira psuu dzinja loyamba. Ngakhale disiki ya grinder imene inadulapo chitsulo wamba imasiya tizidutswa timene timayambitsa dzimbiri.

Kasamalidwe. Madzi abwino, sopo ndi nsalu. Jik musayerekeze, chifukwa ndi klorini. Steel wool ndi bulashi ya waya wamba zimasiya tizitsulo timene timachita dzimbiri pamwamba pake, inu n'kumati anakuberani. Kunyanja ya mchere muzichitsuka kawirikawiri ngakhale simunawotchepo. Chodabwitsa n'chakuti stainless imene imavumbwa ndi mvula nthawi zambiri imakhala yoyera kuposa imene ili pakhonde pamene mchere umangounjikana popanda chouchotsa.

Zoopsa. Ya 304 imafutukuka ndi moto kuposa chitsulo wamba, choncho ikakhala yopyapyala imapindika. Ikakhala nthawi yaitali pa kutentha kwa makala imataya ina mwa mphamvu yake yopirira dzimbiri, ndiye thireyi ya makala idzatha ndithu ngakhale thupi lidakali bwino. Mtundu wa buluu kapena wagolide umene umabwera mukawotcha si dzimbiri, ndi chizindikiro cha moto chabe.

## Chozungulira chokutidwa ndi enamel

Ichi ndi chija chooneka ngati mpira, chokhala ndi chivindikiro ndi miyendo itatu, chimene George Stephen anayamba kupanga ku Chicago mu 1952 ndipo lero chimadziwika ndi dzina la Weber. Enamel si penti. Ndi galasi losungunulidwira pa chitsulo pa madigiri pafupifupi 800, lofanana ndi la mbale ndi makapu achitsulo akale aja oyera a mkombero wabuluu. Moto wa makala sulitentha, madzi salowa.

Mtengo. Chenicheni cha masentimita 57 n'chokwera, chimayandikira stainless yabwino. Zotengera zake ndi zotsika kwambiri, koma zambiri n'zopaka penti wakuda pa chitsulo chopyapyala, ndipo kudera la chinyezi sizisiyana ndi mgolo.

Kupezeka kwake. M'masitolo akuluakulu chimabwera mwa apo ndi apo. Ku South Africa ndi ku Britain chili ponseponse pamodzi ndi zosinthira zake, ndipo chakale chimapezeka mosavuta. Pogula chakale yang'anani m'mphepete, pamene miyendo imalowa ndi pamene pali zogwirira.

Kasamalidwe. N'chosavuta: kutaya phulusa, kutsuka ndi sopo, kutseka chivindikiro. Miyendo ndi timazenera ta mpweya za chenicheni ndi za aluminiyamu. Mawaya awiri a m'kati, wa makala ndi wa nyama, ndi amene amatha msanga.

Zoopsa. Enamel amatheteka chikagwa kapena chikagundidwa m'galimoto, ndipo pamene patheteka dzimbiri limayambira pomwepo monga mmene zinkachitikira ndi mbale zija. Pakani mafuta pamalopo mwamsanga. Mphepo ya mkuntho imachigwetsa chifukwa n'chopepuka. Malo ake owotchera ndi ochepa. Pa ukwati sichingakuthandizeni.

## Aluminiyamu woumba

Mtengo. Wokwera, ndipo ulendo wake wautali umawonjezera.

Kupezeka kwake. Dzina lodziwika ndi PK ya ku America, imene inayamba m'zaka za m'ma 1950. Kuno n'chosowa, ndipo kwa ambiri njira yake ndi kutumiziridwa ndi achibale a kunja.

Kasamalidwe. Aluminiyamu sachita dzimbiri lofiira ngakhale mumusiye pamvula chaka chonse. Amachita timadontho toyera, makamaka kumene kuli mchere. Phulusa lonyowa limamudya, chimodzimodzi mankhwala otsukira uvuni ndi soda wopangira sopo. Pamene bawuti yachitsulo yakhudzana naye m'malo onyowa, amadyeka ndi iyeyo.

Zoopsa. Amasungunuka pa madigiri 660, ndipo wosakaniza amafewa asanafike pamenepo, choncho makala azikhala pa waya wawo, osakhudza khoma. Mwina mukuganiza za amisiri athu oumba mapoto ndi zidutswa za injini. Luso ali nalo, koma m'zidutswa zotere mumatha kukhala mtovu woopsa uja wa m'mabatire. Kafukufuku wa ku Cameroon mu 2014 anaupeza ukutuluka m'mapoto opangidwa motero. Chinthu chotere chisakhudze nyama.

## Zadothi: kamado ndi mbaula yokhala ndi dothi m'kati

Mtengo. Kamado, chowotchera chadothi chooneka ngati dzira chokhala ndi chivindikiro, monga Big Green Egg imene inayamba ku Atlanta mu 1974, ndi yokwera kuposa zonse zimene tatchulazi. Mbaula yathu ya dothi m'kati ndi yotsika kuposa zonse.

Kupezeka kwake. Kamado muitanitse ku South Africa, ndipo yaikulu imalemera makilogalamu oposa 70. Mbaula ili mumsika uliwonse.

Kasamalidwe. Dothi lowotcha silichita dzimbiri. Pa kamado zimene zimafiira ndi malamba achitsulo, mahinjesi ndi ngolo yake. Ikakhala yotseka dzinja lonse, m'kati mumachita chuku, chimene chimatha ndi moto waukulu. Pa mbaula, dothi limatchinga kachitsulo kopyapyala ka kunja kuti kasapse, ndiye kamakhalitsa ngati mukuilowetsa m'nyumba itazima. Mukaikapo waya wabwino, chambo ziwiri kapena nkhuku imodzi zimapsa bwinobwino. Zonse ziwiri sizidya makala ambiri, nkhani imene yakula chisinthireni lamulo la zankhalango mu 2020, pamene makala ovomerezeka ndi odula ndipo osavomerezeka akhoza kukulowetsani m'mavuto.

Zoopsa. Dothi limasweka likagwa, ndipo lonyowa limang'ambika mukaliyatsira moto waukulu mwadzidzidzi. Mvula ikayamba nyama ili pamoto, musalowe nayo mbaula m'chipinda chotseka. Mpweya wa carbon monoxide umene makala oyaka amatulutsa sununkha ndipo umapha anthu ali m'tulo.

## Chomanga ndi njerwa

Mtengo. Wapakati, ndipo ngati njerwa muli nazo kale ndi wotsika. Mumalipira kamodzi.

Kupezeka kwake. Mmisiri womanga aliyense akhoza. Chosowa ndi njerwa zapadera zopirira moto, zimene muyenera kuzifunafuna kwa ogulitsa zomangira m'mizinda. Amene mukumanga malo ogona alendo kapena malo odyera kumbukirani kuti malamulo a 2018 amaletsa njerwa zowotcha ndi nkhuni pa zomanga za boma ndi zamalonda. Mabuloko a simenti amaloledwa, koma amang'ambika akakhudzana ndi moto, choncho m'kati mufunika njerwa zopirira motozo.

Kasamalidwe. Thupi lonse lilibe chochita dzimbiri. Chinsinsi n'choti musamangirire chitsulo chilichonse m'khoma. Siyani timashelefu ta njerwa pamene waya ndi thireyi zizitsamira, kuti mukatha muzisolola n'kulowa nazo m'nyumba. Chitsulo chomangiriridwa chikachita dzimbiri chimafufuma n'kung'amba khomalo. Pamene pamayaka moto amange ndi dothi la pachulu m'malo mwa simenti, ndipo pansi papendekeke pang'ono kuti madzi asamadikhe. Kadenga kamalata pamwamba kamathandiza, bola kakhale patali ndi malawi.

Zoopsa. Sichisuntha. Mukachimanga poyang'ana kumene mwera umachokera, muzidzawotcha ndi utsi m'maso kuyambira June mpaka August. Pafupi ndi denga laudzu musamange. Ngati nyumba ndi ya lendi, mwamangira eni ake.

## Mawu ochepa pa za gasi

Chagasi chilibe phulusa, ndipo umenewo ndi mwayi waukulu. Koma n'chokwera mtengo, zosinthira zake n'zosowa kuno, ndipo chili ndi tizigawo tambiri tobisika: mapaipi otulutsa moto ndi timalata towaphimba, timene madzi amchere a nyama amadonthera. Kunja chikhoza kunyezimira m'kati mutatha. Akangaude ndi mavu amamanga m'mapaipiwo chikakhalitsa, ndipo paipi ya labala imauma n'kuyamba kutaya gasi. Iyeseni ndi thovu la sopo. Chophweka ngati skottel ya Cadac, chimene kagwiridwe kake n'ka chiwaya cha tchipisi, chili ndi zochepa zoti ziwonongeke ndipo chimalowa m'kabati.

## Waya

Kaya thupi mwasankha lotani, waya muganizireni payekha, popeza ndi amene amakhudza chakudya. Wokutidwa ndi chromium, amene amabwera ndi zowotchera zambiri za m'sitolo, ndi wotchipa ndipo amasupuka msanga. Wa cast iron, chitsulo cha miphika ya miyendo itatu ija, amasunga kutentha bwino koma amafuna mafuta nthawi iliyonse, ndipo kudera la chinyezi mukamuiwala milungu iwiri mumamupeza atafiira. Wa nsimbi wamba za mamilimita 6 kapena 8 wowotcherera aliyense amapanga, ndipo amakhalitsa mukamamupaka mafuta. Wa 304 wa msinkhu womwewo ndi wodula, koma ngati pali malo amodzi oyenera kuwonongerapo ndalama ya stainless, ndi pamenepa.

Shelefu ya mufiriji yakale, waya wa mpanda ndi waya wa khola la nkhuku si zowotchera. Zina n'zokutidwa ndi pulasitiki, zina ndi zinki, ndipo mashelefu ena akale kwambiri anakutidwa ndi cadmium, amene ndi poizoni. Dzimbiri lochepa pa waya wamba si loopsa, mumangopala n'kupaka mafuta. Choopsa ndi tiwaya tothothoka ku bulashi timene timamatirira nyama n'kumezedwa, ndiye mukapala pukutani ndi nsalu.

Chophimba cha pulasitiki chomanga thi mpaka pansi chimatsekera chinyezi m'kati, ndipo dzuwa likawala chitsulo chimachita thukuta. Denga lokhala ndi mphepo yodutsa limaposa chophimba chilichonse.

## Chiti kwa yani

Ngati nyumba ndi yanu ku Nkhata Bay, Nkhotakota, Salima, Mangochi, Mulanje kapena Thyolo, mangani cha njerwa, thireyi ikhale ya chitsulo cha mamilimita 3 kapena 3CR12, waya akhale wa 304. Ya 316 simukuifuna. Ndalama imeneyo mangirani kadenga.

Ngati muli pa lendi ndipo banja ndi laling'ono, chozungulira cha enamel chenicheni chimakwana, mukadzasintha waya wake n'kuika wa stainless. Thumba likakana, mbaula ya dothi m'kati ndi waya wabwino zimagwira ntchito yomweyo pa nsomba ndi nkhuku.

Amene mumawotcha kawiri kapena katatu pa chaka koma anthu n'kukhala ambiri, mgolo ndi wokwanira, bola ukhale ndi thireyi yochotseka ndi malo ouma ogona. Kugula stainless yoti izikhala miyezi 11 osayaka n'kungokwirira ndalama.

Wa kanyenya, wa mang'ina ndi aliyense amene moto wake umayaka tsiku ndi tsiku, mdani wanu wamkulu ndi moto, osati mame, popeza chitsulo chanu sichipeza mpata wogona chonyowa. Tengani chokhuthala kapena limu ya lole, ndipo thireyi muziiona ngati chinthu chosintha, monga matayala a njinga ya kabaza. Malo ogona alendo a kunyanja amayenera chomanga ndi mabuloko ndi njerwa zopirira moto pa malo okhazikika, ndi chimodzi cha 304 chonyamulika cha kumchenga.

Ku Chikwawa ndi Nsanje kutentha n'kwakukulu koma mvula ndi yochepa, ndiye chitsulo chokhuthala chimakwanira. Ngati mjigo wanu ndi wamchere, tsukirani waya madzi amvula kapena mungomupala n'kupaka mafuta.

Amene muli ku Beira, Quelimane, Nacala kapena Durban, makamaka ngati mafunde mumawamva muli pakhomo, mgolo ndi 430 musataye nazo nthawi. Sankhani pakati pa njerwa, kamado, aluminiyamu woumba ndi 316, ndipo pogula muyang'ane mabawuti ndi mahinjesi, chifukwa opanga ambiri amaika thupi la 316 n'kulimanga ndi mabawuti wamba. Asintheni ndi olembedwa A4 pamutu, amene ndi a 316.